Mapazi Onyowa pa Khonde la a Felesiya

Mukatsika minibasi pa Nathenje n'kuona mayi wochepa thupi, wa duku lofiira, akusuzumira pa windo lililonse ngati wataya kanthu m'katimo, chonde musawaseke. Anyamata oitanira amawatchula kuti a Rozina. Dzina lawo si limenelo. Ndi a Felesiya, ndipo ine amene ndimagulitsa nawo tomato pa benchi imodzi ndikukuuzani kuti mutu wawo ndi wabwinobwino kuposa wa anthu ambiri ovala mataye amene amadutsa pano. Chimene amafuna m'maminibasimo ndi mwana wawo wamkazi, Tiyanjane, amene anawalanda ali wamng'ono.

Nkhani yawo ndinaimva kwa eni ake, pang'onopang'ono, tikusankha tomato woola. Ina ndinaimva kwa Lackson, woitanira uja wa mano achikasu. Yotsalayo anandiuza ndi msuweni wanga Everlyn pa maliro a azakhali athu, uku akuseka mpaka misozi. Chiyambire tsiku limenelo sindidya naye mbale imodzi.

A Felesiya kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera ali mtsikana pa lole ya matenanti, n'kukagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mitundu, kumene mapiri a Dzalanyama amaoneka ngati ungawakhudze. Kumeneko anapezana ndi Dickson, mnyamata wa ku Dedza, kungodutsa pang'ono Diamphwe. Ukwati wake unali uja wa pa esiteti, ankhoswe obwereka, amalume ali kutali osadziwa n'komwe. Anabereka Tiyanjane, kenako mwana wamwamuna, Chikondi.

Amene simunalimepo fodya simuidziwa nazale. Dzuwa la Okutobala lili pa liwombo, iwe uli ndi makeni awiri othirira, kuchitsime, ku bedi la mbande, kuchitsime, ku bedi, kapitawo ali pa mthunzi akukuyang'ana. Chitsime chake n'chokumba m'dambo, chopanda mpanda, m'mbali moterera. Chikondi anali pa msinkhu wovuta uja, mwana wokana kumbuyo koma wosamva kuti khala apa. Amayi ake anamukhazika pa chitenje ndi kachidutswa ka chinangwa, n'kupita ndi makeni kumapeto kwa bedi. Pobwerera anapeza chitenje ndi chinangwa.

Anamuvuula m'chitsimemo ndi a Jeremiya, mkulu wa mpingo amene analinso tenanti pomwepo. Pa maliro a Felesiya sanalire mokweza. Anangokhala tsonga, maso gwa, manja ali pa miyendo. Alipo anthu otero. Koma amayi a pa esiteti anaziona, n'kuzisunga. Sabata isanathe a Felesiya anali atabwerera ku nazale, poti mbande sizidikira munthu kuti amalize kulira. Zimenezinso amayi aja anazisunga.

Tsono inakwana nyengo yosankha fodya. M'chigafa, shedi yosankhiramo fodyayo, mumalowa m'mawa, mumatuluka dzuwa litapendeka. Mumakhala pansi mothithikana, tsamba ili uku, ili uko, fumbi lili kukhosi. Masiku oyamba nkhani zimakhalapo. Kenako zimatha, mumayamba kubwereza miseche yakale mpaka kutopa nayo. Anthu otopa ndi oopsa, abale anga.

Lackson nthawi imeneyo anali tenanti pa esiteti yomweyo. Sukulu analekeza Fomu 2, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Tsiku la msika pa Mitundu anagula buku lakale la Chichewa pa mulu wa mabuku ogulitsira pansi. Chikuto linalibe, moti dzina lake ndi la amene analilemba palibe akulidziwa mpaka lero. Musaganize kuti anagula kuti awerenge. Iyayi! Pepala lake linali lofewa, lokoma kupichirira chingambwe. Ankang'amba kuyambira kumbuyo, tsamba limodzilimodzi, n'kumasuta. Tsiku lina m'chigafa mutati zii, analitulutsa m'thumba n'kuyamba kuwerenga tsamba loyamba mokweza, ndi mawu a pa wailesi, kuti anthu aseke.

Palibe anaseka. Bukulo linkanena za mayi wina wa m'tauni dzina lake Rozina, amene mwana wake anamira mu mgolo wa madzi kuseri kwa nyumba. Munalibe afiti, munalibe ndondocha, munalibe magazi. Munali mayi yekhayo ndi mutu wake. M'mawa uliwonse ankapeza timapazi tonyowa pa simenti, kuchokera pa khomo mpaka pa bedi lake. Akaitana mwamuna wake, timapazi tija tauma. Pang'ono ndi pang'ono Rozina anayamba kudzikayikira: kodi tsiku lija anamva mwana akulira n'kungokhala dala? Kodi chivundikiro cha mgolo anachotsa ndi ndani? Wolembayo anali wankhanza, sankakuuza zoona zake. Tsamba ili umamumvera chisoni Rozina, tsamba linalo ukumuopa.

Kapitawo anaona kuti manja akuthamanga anthu akamamvetsera, ndiye anamumasula Lackson kuti azingowerenga. Chigafa chonse chinagwidwa. Everlyn, amene nayenso anali tenanti pomwepo, anasiya kupita yekha kuchimbudzi. Mayi wina anachotsa ndowa ya madzi m'nyumba n'kumaigoneka panja. A Jeremiya tsiku loyamba ananena kuti bukuli ndi la Satana ndipo liyenera kuotchedwa, koma tsiku lachiwiri kampando kawo kanali pafupi ndi Lackson kuposa aliyense. Pa nthawi yopuma anthu ankakangana ngati ndi mlandu weniweni.

"Anapha dala ameneyu," ankatero Everlyn. "Mayi wosalakwa sangamaope mwana wake."

"Ayi, ndi mwamuna wake akumupenga," ankayankha wina. "Amathira madzi ndi iyeyo."

A Felesiya ankakhala kumapeto kwenikweni, chakukhomo, Tiyanjane atawatsamira. Mwanayu anali asanayambe sukulu, ndipo chimwalirireni mlongo wake amayi ake sankamulola kutalikira ngakhale pang'ono. Kutuluka m'chigafa sakanatha, kapitawo akanawadula tsiku. Ndiye ankangosankha masamba, mutu uli pansi, nkhani ya mwana womira ikuwalowa m'makutu tsiku ndi tsiku. Mwa anthu onse aja panalibe ngakhale mmodzi woti, "Lackson, tasiya, pano pali mayi wa maliro." Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira.

Tsiku lina masana Lackson anafika pamene Rozina wagwira mwana wake wotsala pa dzanja, akumutsogolera kuseri kwa nyumba kumene kunali mgolo uja. Manja onse m'chigafa anaima. Lackson anatembenuza tsamba, n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Tiye nazo, iwe!" anatero a Jeremiya.

"Latha."

"Latha bwanji? Mwanayo wamutani?"

"Kotsalako ndinasuta," anatero Lackson.

Akuti a Jeremiya, mkulu wa mpingo, anatukwana mawu amene sindingawabwereze pano. Amayi anamugenda Lackson ndi mapesi a fodya. Anamutuma ku Mitundu kukafuna lina, koma wogulitsa uja anangomuseka. Anthu anatsala ndi nkhani yopanda mathero, ikuwayabwa ngati chitedze.

Amene anayatsa moto ndi a Jeremiya. Tsiku lotsatira anangoyamba okha, akumanga kamtolo ka fodya: "Ine ndaganiza. Munthu sangalembe chinthu chimene sanachione. Nkhani zopeka zimakhala za nyama zolankhula. Iyi ndi ya munthu, ndipo anthu oterewa alipo. Mwina tikukhala nawo."

Everlyn anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana kukhomo. Ena anatsatira maso ake. Mayi wina ananong'ona kuti paja pa maliro sanalire. Wina anati paja anabwerera ku nazale msanga. Pofika madzulo dzina lakuti Rozina linali litapeza mwini wake.

Ndinamufunsa Everlyn kuti a Felesiya anamulakwira chiyani. Anandiyang'ana modabwa. "Palibe. Timangofuna tione kuti zitha bwanji." Mwamva? Ankafuna aone kuti zitha bwanji.

Kuli kaseweredwe kaja tinkachita tili ana: umafumbata chibakera, n'kudinda pansi ndi m'mbali mwake, kenako n'kudontheza tizala ndi nsonga ya chala, pamatuluka phazi la mwana. Everlyn ankalawira m'mamawa ndi kachitini ka madzi, n'kudinda timapazi pa khonde lozira la a Felesiya, kuchokera pa bwalo mpaka pa chitseko. Akatero ankakabisala kuseri kwa bafa ndi anzake awiri, atatseka pakamwa ndi chitenje. Ankayembekeza kuti mayiyo akuwa, kapena agwada n'kuulula.

A Felesiya anatsegula chitseko, n'kuima. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni ndi mbale, n'kuvundikira timapazi tija kuti dzuwa lisatiumitse. M'mawa wotsatira anachita chimodzimodzi, n'kuikanso kambale ka phala pambali pake.

M'chigafa nkhani inali yomweyo. "Wayamba! Ndendende ngati m'buku!" Anthu amene ankadziwa bwino lomwe kuti timapazi ndi ta Everlyn anayamba kuopa a Felesiya zenizeni. Ankasendeza ana awo akamadutsa. Bodza analipanga okha ndi manja awo, n'kulikhulupirira okha.

Dickson naye buku lija analimvetsera lonse. Munthuyo sanali woipa kwenikweni, anali wofewa ngati phala la dzulo, wongotengeka ndi amene walankhula komaliza. Tsiku lina akudya anangofunsa, osawayang'ana akazi ake: "Make Tiya, kodi tsiku lija simunamve chilichonse? Ngakhale kaphokoso ka madzi?"

"Bambo a Tiya, mukundifunsa chiyani?"

"Ayi, ndangofunsa. Poti bedilo silinali kutali kwambiri."

A Felesiya anandiuza kuti pa zonse zimene zinachitika, funso limenelo ndi limene linawathyola msana.

Koma Everlyn anali asanakhutire. Mayiyo sanaulule, ndiye anatembenukira kwa mwana. Ankamuitana Tiyanjane n'kumupatsa kachidutswa ka nzimbe, uku akumusisita m'mutu. "Tiya mwana wanga, nkhani ija unaimva eti? Amayi ako akadzakugwira dzanja kuti tiye kumadzi, usadzalole. Udzakuwe kwambiri. Ukudziwa kumene anapita Chikondi." Mwana wosayamba n'komwe sukulu, kumuuza zimenezo! Anayamba kukana kusambitsidwa, ndipo pogona ankasendera kukhoma.

Chimwalirireni Chikondi, a Felesiya anali asanapondenso kuchitsime chija. Madzi ankatunga pa mjigo wa pa esiteti ngakhale mzere utalike bwanji. Ndiye Loweruka lina mjigo unafa. M'nyumba munalibe ndi dontho lomwe. Anadikira mpaka dzuwa litakwera, kenako anatenga ndowa, n'kumugwira Tiyanjane pa dzanja. Akanamusiya ndi ndani? Anamugwira zolimba, mmene mayi amene anatayapo mwana pamadzi angagwirire wotsalayo.

Amene anawaona koyamba ndi Lackson. Anathamanga m'nyumba za matenanti akukuwa kuti, "Tsamba la m'buku lija lafika! Akupita naye!" Anthu anasiya mapoto pamoto. Ndipo mumve bwino apa: sanathamange kukatsekereza ayi. Ankatsatira chapatali, mwakachetechete, amuna ndi amayi omwe, kuti aone.

Atatsikira m'dambo, chitsime chitaonekera, Tiyanjane anayamba kukoka dzanja. Amayi ake, poopa kuti aterereka, anamugwira kwambiri. Mwana anakuwa mawu amene anthu a kumeneko amawakumbukira mpaka pano:

"Amayi, musandiponye! Ndizimvera! Musandiponye ngati Chikondi!"

Ndowa inagwa. Pamenepo m'pamene gulu lija linathamanga. A Jeremiya anamukwatula mwanayo, amayi ena anawagwetsera a Felesiya m'matope n'kuwakhalira pamsana. Everlyn akuti ankalira kuposa onse, akuthokoza Mulungu kuti afika msanga.

Nkhani inakambidwa pa bwalo la kapitawo masana omwewo. Kwawo kwa a Felesiya ku Phalombe mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume akanakhalapo palibe akanamugwira Tiyanjane. Koma amalume anali kutali, ndipo ankhoswe obwereka aja anali m'gulu lomwe linkatsatira lija. Mboni zinali zambiri: beseni, kambale ka phala, maliro osalira, mawu a mwana. Za kachitini ka madzi palibe anatchula. Dickson anamukweza mwanayo pa kabaza mpaka pano pa Nathenje, n'kukwera naye minibasi ya ku Dedza, kukamusiya kwa amayi ake. Iye sanabwererenso ku esiteti.

A Felesiya anatsatira wapansi. Anafika kumudzi kwa Dickson miyendo itatupa, koma nkhani inali itafika kale, itanenepa. Anawabweza pa msewu. Anapita kwa akuluakulu oona za ana, ndipo kunena zoona anthuwo anayesetsa, anaitanitsa mbali zonse. Koma atamufunsa Tiyanjane kuti ukufuna kukhala ndi ndani, anabisala kumbuyo kwa agogo ake akunjenjemera, mpaka kudzikodzera. Mlandu unathera pomwepo.

Kwawo ku Phalombe a Felesiya anakana kubwerera. Anakhala pano, chifukwa aliyense wochokera ku Dedza kupita m'tauni amadutsa pa Nathenje. Ndinawapeza akusesa pa khonde la sitolo ina kuti apeze chakudya, ndipo ndinawatenga kuti tizigulitsa limodzi. Zaka zoyambazo anthu ankawadziwa ndi dzina lawo lenileni. Kenako esiteti ija inasiya fodya, Lackson n'kutulukira pano kudzaitanira minibasi. Tsiku loyamba lomwelo anawaona n'kukuwa, "Aaa, a Rozina! Muli kuno?" Pofika Lachisanu siteji yonse inali itaimva nkhani ya buku, ndipo amayi ena anasiya kugula tomato pa benchi yathu akakhala ndi mwana kumbuyo.

Ndinamugwirapo pa kolala Lackson. Ndinati, iwe galu, ukudziwa kuti mapazi aja anali a Everlyn. Anati akudziwa. Ndinati nanga bukulo linatha bwanji, mwina Rozina yemweyo sanalakwe. Anaseka, mano achikasu aja ali pamtunda. "Mayi, ine ndingadziwe bwanji? Koma linkakoma kusuta."

Za Everlyn ndinasankha kusawauza a Felesiya. Ndinkaganiza kuti ngati amakhulupirira kuti mwana wawo ankabwera kudzawaona, ndine ndani kuti ndiwalande zimenezonso.

Chaka chino, sabata yotsegulira sukulu, inaima minibasi yodzaza ana a sekondale ndi zikwama zawo. A Felesiya anapita ndi beseni la tomato monga mwa masiku onse. Ndinangoona beseni lapendekeka, tomato akugubuduka mu msewu. Pa windo lakumbuyo panali mtsikana wa yunifolomu, wamtali, chipumi chake ndi cha a Felesiya chenicheni.

"Tiya," anatero. "Tiyanjane. Ndine amayi ako."

Mtsikanayo anawayang'ana, ndipo ndikulumbira kuti anawazindikira. Nkhope yake inachita kutuwa. Pomwepo Lackson anamenya pa chitseko cha minibasi n'kukuwa, "A Rozina, tasiyani ana a eni, kuno kulibe chitsime!" Anyamata anzake anafa nacho chiseko. Mnzake wa mtsikanayo anafunsa kuti kodi ukuwadziwa. Ndinali pafupi, ndinamva ndi makutu angawa.

"Ayi. Ndi amisala ena ake a pano. Akuti anapha mwana."

Anakoka galasi n'kutseka. A Felesiya anaika dzanja pa galasilo, minibasi n'kunyamuka. Anatolera tomato mmodzimmodzi, wophwanyika yemwe, n'kubwerera pa benchi. Anangoti, "Wakula eti, achemwali? Ndipo ali ku sekondale." 

M'mawa mwake ndinalawira kukatenga katundu ku sitolo kumene timasungitsa. Ndinawapeza a Felesiya atagwada pa khonde la simenti, pambali pali kachitini ka madzi. Anafumbata chibakera, kuviika, kudinda, n'kudontheza tizala. Timapazi tinali titafika kale pa chitseko. 

"A Felesiya, mukutani?"

Sanadzidzimuke. "Everlyn ankathamanga nazo, nthawi zina ankaika tizala tinayi," anatero. "Ine ndimaika tonse."

"Ndiye munkadziwa?"

"Ndingalephere kudziwa phazi la mwana wanga? Lake linali lalikulu kuposa apa. Koma zovala zake zinapita naye kumanda, chithunzi ndinalibe, dzina lake anthu anasiya kulitchula. Panalibe china choti ndivundikire."

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, ine mayi wamkulu, n'kulira ngati mwana. Iwo anaviikanso dzanja m'kachitini, n'kuliimika m'mwamba madzi akudontha, akuyang'ana malo ouma pambali pa timapazi tija.

"La Tiyanjane ndi limene likundikanika," anatero. "Dzulo anakhala kumbuyo, sindinaone kuti phazi lake lafika pati."